Kasamalidwe ka injini ya dizilo yopangira magetsi pakhomo

Bambo, mwafunsa za mmene mungasamalire injini ya Lister CS yomwe mukufuna kuti izikupatsani magetsi kumudzi kwanu ku Dedza. Injini imeneyi imazungulira maulendo pafupifupi 650 okha pa mphindi, n'chifukwa chake zitsulo zake sizitha msanga.

Choyamba, musanailize, onani oilo ndiponso madzi a m'thanki yoziziritsa injini. Oilo muzimusintha injini ikagwira ntchito maola pafupifupi 250, ndipo muzimukhetsa injini ikadali yotentha kuti litsiro lituluke naye limodzi.

Chachiwiri ndi dizilo, ndipo apa ndi pamene ambiri amaonongera injini zabwinobwino. Dizilo wa m'zigubu nthawi zambiri amakhala ndi madzi ndi fumbi, zomwe zimaononga pampu ndi nozo (kachitsulo kopopera dizilo mkati mwa injini), zipangizo zodula kwambiri. Musiyeni akhazikike usiku wonse, mumusefe ndi nsalu yoyera, koma wotsalira pansi pa chigubu musamuthire. Dizilo akathera m'thanki, mpweya umalowa m'mapaipi, choncho masulani pang'ono nati ya paipi ndi kulola dizilo kutuluka mpaka thovu litasiya kuoneka.

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi injini imavuta kulira. Kwezani kachitsulo kotsegula vavu, pukusani injiniyo mwamphamvu mpaka mawilo ake akuluakulu a m'mbali atathamanga, kenako gwetsani kachitsuloko. Musaisiye ikulira nthawi yaitali popanda ntchito, chifukwa mwaye umadzaza mkati.

Paipi ya utsi itulukire kunja kwa chipinda, ndipo mawilo muwatchingire kuti asakole chitenje kapena dzanja la mwana.