Mwana wobadwa masiku asanakwane asazizidwe: mmene mungamufunditsire kunyumba kuno ku Harare

Bulangeti silitenthetsa mwana. Limangosunga kutentha kumene thupi lapanga kale. Ine ndi inu tikalowa m'bulangeti timamva kufunda chifukwa matupi athu amapanga okha kutentha, ndipo tikazizidwa kwambiri timanjenjemera mpaka thupi litenthe. Khanda silitha kunjenjemera choncho. Lobadwa pa nthawi yake limadalira mafuta apadera amene ali pakati pa mapewa ndi m'khosi, koma mafutawa amachuluka m'masabata omaliza a mimba. Mwana amene wafulumira kubadwa ali nawo ochepa, khungu lake ndi lopyapyala, mutu ndi waukulu poyerekeza ndi thupi. Mukamukulunga m'mabulangeti atatu n'kumugoneka yekha pabedi, mwangomukulungira kuzizira kwake komweko.

Ndinagwira ntchito yauzamba m'makiliniki a mumzinda muno mpaka kupuma. Makolo anga anachokera ku Dedza, ine ndimakhala ku Mufakose, ndipo amayi akutchalitchi kwathu akakhala ndi kamwana kosakwana masiku amagogoda pakhomo panga. Zimene ndikulemba pano ndi zomwe ndimawauza titakhala pamkeka. Ndikunena za mwana wobadwa mimba isanakwane masabata 37, komanso amene wabadwa wosakwana makilogalamu 2.5 pasikelo ngakhale masiku atakwana. Mapasa ambiri amagwera m'gulu lomweli.

Thupi la khanda liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Chipinda chake chimafunika madigiri osachepera 25. Tsono taganizirani Harare wathuyu: tili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,500, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kutsika pansi pa madigiri 10. Nyumba zathu zambiri za ku Mbare, Highfield, Mabvuku kapena Epworth ndi za simenti pansi, zopanda siling'i, chitseko chili ndi mpata kunsi. Magetsi akazima hitala ija imasanduka chokongoletsa. Ngakhale mu Okutobala, inu mukutuluka thukuta masana, kamwana kotere kamatha kuzizidwa m'bandakucha. Kakazizidwa kamawotcha shuga wa m'thupi kuti kadzitenthetse, shugayo akatsika kamafooka, kakafooka sikayamwa, ndipo kakapanda kuyamwa kamazizidwa koposa poyamba. Zimenezi zimachitika mwakachetechete, popanda kulira. Ambiri amasangalala kuti mwana ndi wofatsa.

Chotenthetsa chimene sichizima ndi chifuwa cha munthu. Kumanga mwana pachifuwa, khungu ndi khungu, kuchipatala amati kangaru, ndipo musanatuluke adzakuonetsani. Koma ndaona kuti kamangidwe ka kuwodi kamasokonekera munthu akangofika kunyumba, choncho ndifotokoze bwinobwino.

Vulani bulauzi ndi bra. Mwana akhale ndi thewera, chipewa ndi masokosi basi. Vesiti ayi, juzi ayi, chifukwa nsalu iliyonse imene ili pakati pa khungu lake ndi lanu ikutchinga kutentha. Muimikeni pakati pa mabere, chifuwa chake chigunde chanu. Mutu utembenukire mbali imodzi, tsaya litsamire pa inu, chibwano chikwezeke pang'ono kuti khosi lisapindike n'kutseka njira ya mpweya. Miyendo ndi manja zikhale zopinda, zotambasukira m'mbali ngati chule. Kenaka tengani chitenje chofewa, chimene chachapidwapo kangapo, osati chatsopano cholimba chija. Mpendero wa m'mwamba udutse m'munsi mwa khutu la mwana kuti ugwire mutu, kumunsi chikulunge matako. Chizungulizeni kumbuyo n'kudzamanga mfundo m'mbali mwa nthiti zanu. Mfundo ya pamsana idzakusowetsani tulo. Mukamanga imirirani, weramani pang'ono dzanja lili pamsana pa mwana. Akasendemuka ndiye kuti mwamanga molobodoka. Koma musafinye pamimba pake, ana otere amapuma ndi mimba. Pamwamba valani shati kapena juzi yotsegula kutsogolo (ya bambo ake, yaikuluyo, imachita bwino), ndipo mukayang'ana pansi muziona mphuno ndi kamwa nthawi zonse.

Usiku musamutsitse. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: masana onse mwana ali pachifuwa, ikakwana nthawi yogona amamuika pambali, pomwe ndi nthawi imene kuzizira kumafika pachimake. Gonani chotsamira, mapilo awiri kapena atatu kumsana, kapena bulangeti lopindapinda pansi pa matiresi chakumutu. Osagona chafufumimba, osagona chathyathyathya. Bulangeti lifunde nonse awiri koma lilekezere pamapewa a mwana. Munthu amene wamwa mowa, amene amasuta fodya kapena wamwa mankhwala ogonetsa asagone ndi mwana pachifuwa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limati mwana akhale pachifuwa maola osachepera 8 pa tsiku, ndipo kuyandikira 24 ndiye bwino koposa. Mukamumanga, pasathe mphindi zochepa n'kumumasulanso. Akhalepo ola kapena kupitirira, chifukwa kumangomanga ndi kumasula kumamutopetsa. Njirayi si ya anthu osowa makina ayi, monga ena amanyozera. N'zoona kuti inayambira pakusowa: Dr Edgar Rey anaiyambitsa mu 1978 ku Bogotá, m'dziko la Colombia, pamene makina ofunditsira ana anali ochepa. Kuno ku Zimbabwe inayesedwa kalekale pa Manama Mission Hospital m'chigawo cha Matabeleland South, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1994. Koma kafukufuku amene anatuluka mu 2021, wochitika m'zipatala za ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania (kumudzi chinali Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre), anaonetsa kuti pakati pa ana olemera kilogalamu imodzi mpaka 1.8, kuwaika pachifuwa atangobadwa kunachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi kudikira kuti ayambe akhazikika m'makina. Mu 2022 World Health Organization inasintha malangizo ake n'kunena kuti kangaru iziyamba mwana akangobadwa.

Mayi mmodzi sangathe yekha. Ayenera kusamba, kupita kuchimbudzi, kuwongola msana, ndipo ngati anachitidwa opaleshoni bala likumupweteka. Pakhale wolandira. Inu azibambo, chifuwa chanu n'chotentha chimodzimodzi, ndipo mpira wa pa TV mutha kuonera mwana ali pamenepo. Ndikudziwa kuti mabanja ena amasungabe mwambo woti mwana wa m'chikuta asagwidwe ndi munthu wotentha, ngakhale agogo awo anabadwira ku Mbare konkuno. Kwa ine bambo ayenera kunyamula mwana wake. Koma ngati apongozi akaniratu, musataye usiku wonse mukukangana mwana ali yekha pabedi. Agogowo ndiwo avule juzi amumange. Azakhali, achemwali a mayi, aliyense wathanzi amene wasamba m'manja, wopanda chimfine ndiponso wosatsokomola, angathe.

Za kusamba timakangana kwambiri ndi anzanga achikulire. Mwana aliyense asasambitsidwe maola 24 oyambirira, ndipo wochepa sikelo adikire kupitirira apo, mpaka anamwino atanena. Zoyera zija zimene amabadwa nazo pakhungu si litsiro, zimamuteteza. Madzi akamauma pakhungu amachoka ndi kutentha kwa thupi, ndiye beseni la m'mawa mu Julayi lingathe kufafaniza ntchito yonse ya usiku. Mupukuteni ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, masana dzuwa litakwera, chitseko ndi mawindo zili zotseka. Yambani nkhope, umitsani. M'khosi ndi m'khwapa, umitsani, fundani. Kumatako komaliza. Mbali imene simukupukuta ikhale yofundidwa. Mankhwala osambitsa a makolo adikire, ndipo pamchombo musapakepo kalikonse kamene sikanachokere kuchipatala. Posintha thewera konzeranitu zonse pafupi musanamumasule, ndipo mugonekeni pansalu imene mwaifunditsa pathupi panu, osati papulasitiki kapena patebulo pozizira. Thewera lonyowa lisakhalitse. Chipewa chikanyowa ndi mkaka kapena thukuta lanu, sinthani.

Mbaula ndimaiopa. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo nyengo yozizira timamva za anthu opezeka atafa m'nyumba chifukwa cha zimenezi. Akulu amayamba ndi litsipa, khanda silinena kanthu. Mbaula isagone m'chipinda cha mwana, chitofu cha gasi kapena cha parafini chisakhale chotenthetsera nyumba. Botolo la madzi otentha ndi njerwa yowotcha nazonso ayi: khungu lake limapsa msanga ndipo sangathe kudzisuntha. Chitani zosavuta. Tsekani mpata wa kunsi kwa chitseko ndi chiguduli, kokerani bedi kutali ndi windo ndi khoma lakunja, pakuti khoma lozizira limakoka kutentha kwa mwana ngakhale asanalikhudze. Yalani mkeka kapena kapeti pasimenti.

Mkaka ndiwo nkhuni zake. Ayamwe maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, kosachepera 8 pa tsiku. Ana otere amakonda kugona, musadikire kuti alire. Mudzutseni pomusisita kuphazi. Simufunika kumuchotsa m'chitenje, ingomasulani pang'ono n'kumutsetserezera kubere. Ngati akutopa asanakhute, finyirani mkaka m'kapu yowiritsa n'kumumwetsa ndi kakapu kakang'ono monga anakuphunzitsirani kuwodi: kakapu kagunde mlomo wa m'munsi, iye azinyambita yekha, inu osathira. Madzi, tiyi ndi phala lamadzimadzi ayi.

Nanga mudziwa bwanji kuti wazizidwa? Gwirani mapazi ake ndi kuseri kwa dzanja lanu, kenaka pamimba. Zonse zikafunda ali bwino. Mapazi akazizira koma mimba ili yofunda, wayamba kuzizidwa: muikeni pachifuwa pompo, chipewa kumutu, bulangeti pamwamba pa nonse, muyamwitseni, ndipo muonenso pakatha ola. Mapazi ndi mimba zonse zikazizira, nyamukani. Ngati mungathe, gulani thermometer ya manambala ija kufamase. Pa zonse zimene anthu amagulira khanda, imeneyi ndi imene ndingasankhe kusiya shawelo ya maluwa. Ipanitseni kukhwapa kouma, dzanja la mwana litsamire thupi, dikirani ilire. Ikaonetsa pansi pa 36.5 mufunditseni pachifuwa n'kuyezanso pakatha ola. Ikapanda kukwera, pitani kuchipatala. Ikaonetsa pansi pa 35.5 musadikire olalo. Kwa makanda, kuzizira thupi nthawi zina ndi chizindikiro cha matenda a m'magazi, omwe mwa munthu wamkulu akanabwera ndi kutentha thupi. Chimodzimodzi ngati wasiya kuyamwa, walefuka moti sakugwedezeka mukamukhudza, akupuma mothamanga kapena mobuula, nthiti zikulowa mkati, akumasiya kupuma, wakomoka, kapena zikhatho ndi mapazi zachita chikasu. Zimenezi si za kudikira kuti kuche, kapena kuti abusa ayambe abwera.

Kupitirira 37.5 nakonso si bwino. Chotsani bulangeti lapamwamba, muyamwitseni, yezaninso. Kukapanda kutsika, kuchipatala.

Ulendo wa kuchipatalawo ndi pamene ana ambiri amazizidwira. Kaya mukupita kukiliniki ya m'dera lanu, ku Edith Opperman ku Mbare, ku Sally Mugabe Central Hospital kumene tonse timangoti ku Gomo, kapena ku Mbuya Nehanda ku Parirenyatwa, mwana ayende ali pachifuwa, mkati mwa zovala zanu. Asayende m'manja atakulungidwa shawelo, asayende kumbuyo. Mu kombi pewani mpando wa pafupi ndi chitseko, ndipo pemphani wa pawindo atseke. Nenani kuti muli ndi mwana wosakwana masiku, anthu amamva. Mukafika musaime kumapeto kwa mzere mwaulemu, uzani namwino msanga. Pa sikelo yalanipo nsalu yanu yofunda asanamugoneke, ndipo akangomuyeza abwerere pachifuwa, kulemba m'khadi kuchitike iye ali kale m'malo mwake.

Zikachitika kuti mwana wabadwira kunyumba kapena panjira, ndipo matenda a mimba yosakwana amadzidzimutsa ndithu, mupukuteni msangamsanga ndi nsalu youma, mutu womwe. Nsalu yonyowayo ichotseni. Muikeni pamimba kapena pachifuwa cha mayi ake, fundani onse awiri ndi nsalu ina youma, kumutu chipewa kapena duku. Musamusambitse, musamugoneke pansi pamene mukusamalira mayi. Apite kuchipatala ali choncho.

Alendo odzaona mwana aone nkhope ali pachifuwa pomwepo. Kumumasula kuti azakhali onse amunyamule mmodzimmodzi kudikire.

Amayi amandifunsa kuti kangaru adzasiya liti. Kawirikawiri ndi pamene mwana wafika makilogalamu 2.5, kapena tsiku limene anayenera kubadwa likayandikira, koma sikelo ya kukiliniki ndi anamwino ndiwo akuuzeni, choncho musadumphe masiku amene anakulemberani. Mwanayo amaonetsanso yekha: amayamba kutukula miyendo, kutulutsa manja m'chitenje, kulira mukamumanga. Musasiye kamodzin'kamodzi. Yambani kumutsitsa masana kukafunda, atavala zovala zoposa zanu ndi chimodzi, chipewa chili kumutu, ndipo muzigwira mapazi ake pafupipafupi. Usiku, akatha kupukutidwa, ndiponso masiku a mitambo ndi mphepo aja a mu Julayi, abwerere pachifuwa.