Mmene mungaidziwire mbiri ya Green Bay Packers mutu osazungulira

Ngati mwangoyamba kumene kutsata mpira wa ku America uja wa NFL ndiye mukufuna timu imodzi yoti muidziwe mpaka ku mizu, ine ndimati yambani ndi Green Bay Packers. Koma musangolowa pa intaneti n'kuyamba kumeza chilichonse ayi, mudzatopa msanga, mayina ndi ambirimbiri, zaka zapitirira 100, zikho 13. Pali njira yake yoyendera.

Choyamba gwirani funso limodzi ndipo musalitaye. Green Bay ndi katauni ka ku Wisconsin ka anthu ongopitirira 100,000 pang'ono, nanga kakukhala bwanji ndi timu mu ligi imodzi ndi New York, Chicago ndi Los Angeles? NFL itangoyamba m'ma 1920 matimu a m'matauni ang'onoang'ono analipo ambiri, koma anafa kapena kusamuka. Decatur Staleys inapita ku Chicago n'kukhala Bears, Portsmouth Spartans inapita ku Detroit mu 1934 n'kukhala Lions, Canton Bulldogs ndi Akron Pros zinangotha. Packers yokha ndi imene inatsala pamalo pake. Chilichonse chomwe muwerenge muzichifunsa kuti, kodi ichi chinathandiza bwanji kuti timuyi isachoke?

Ndiye yambani ndi chiyambi chenicheni. Ogasiti 1919, mnyamata wina Earl Lambeau, amene aliyense ankangomutchula kuti Curly, anagwirizana ndi mtolankhani George Whitney Calhoun kuti ayambitse timu. Lambeau ankagwira ntchito ku Indian Packing Company, kampani yolongedza nyama m'zitini, ndipo kampaniyo inapereka madola 500 ogulira mayunifomu ndi zipangizo, dzina la Packers linachokera pamenepo basi, olongedza. Mu 1921 analowa mu ligi yomwe chaka chotsatira inayamba kutchedwa NFL.

Mukadutsa apo musathamangire ku magemu, imani kaye pa nkhani ya masheya chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pofika 1923 ndalama zinali zitavuta, ndiye amalonda a m'tauniyo anakonza zoti timu ikhale ya anthu, anagulitsa masheya pa madola 5 imodzi. Anachitanso zimenezi mu 1935 ndi mu 1950 pamene timu inatsala pang'ono kugwa, kenako 1997, 2011 ndi 2021, maulendo omalizawa ndalama zake zinali zokonzera sitediyamu. Lero eni masheya apitirira 500,000. Koma mvetsani bwino, sheya ya Packers siipindula kanthu, palibe ndalama yomwe mumalandira pakutha pa chaka, simungaigulitse pa msika kuti mupeze phindu, mumangolandira pepala loika mu felemu pakhoma ndi ufulu wovota pa msonkhano wa pachaka. Mu 2021 anthu ankalipira madola 300 pa pepala limenelo mosangalala. Ndipo malamulo ake salola munthu mmodzi kukhala ndi masheya opitirira 200,000, kutanthauza kuti palibe bwana wandalama angadzuke m'mawa n'kunena kuti timu yanga ndikuisamutsira ku mzinda waukulu. Mu NFL yonse ndi iyi yokha ili chonchi, malamulo a ligi a masiku ano salolanso umwini wa mtundu umenewu, Packers anangoisiya chifukwa inayamba kale. Ine chinthu chimenechi chimandikhudza mtima kwambiri, zoona.

Kenako gawani mbiriyi m'nyengo zinayi m'mutu mwanu, ya Lambeau, ya Lombardi, ya chilala, ndi ya ma quarterback, osewera amene amatsogolera timu ikakhala ndi mpira n'kumauponyera anzawo. Musazipatse nthawi yofanana.

Nyengo ya Lambeau mutha kuidutsa mwachangu chifukwa makanema ake ndi ochepa. Ingosungani kuti iye ali kochi anatenga zikho zisanu ndi chimodzi, 1929, 1930, 1931, 1936, 1939 ndi 1944, ndipo zitatu zoyambirirazo kunalibe fainolo, amene ali pamwamba pa ligi pakutha pa sizoni ndiye katswiri. Dzina limodzi loti musaliphonye ndi Don Hutson, anasewera kuyambira 1935 mpaka 1945, anawakha ma touchdown 99, ndiye kuti zigoli za mpira umenewu, nthawi imene matimu ambiri ankangothamanga ndi mpira m'manja osakonda kuponya. Lambeau anachoka kumayambiriro kwa 1950 atasemphana ndi akuluakulu a timu.

Zaka za m'ma 1950 zinali zowawa, koma muli zinthu ziwiri zofunika. Ligi inkaona kuti bwalo lakale lachepa, ndiye mu 1956 anthu a m'tauni anavota kuti amange latsopano, ndipo George Halas mwini wa Chicago Bears, mdani wawo wamkulu kuyambira 1921, anabwera yekha ku Green Bay kudzalimbikitsa anthu kuti avote inde. Taganizani. Bwalolo linatsegulidwa mu 1957 ndi dzina loti City Stadium, n'kudzatchedwa Lambeau Field mu 1965 Curly atamwalira. China ndi sizoni ya 1958, anawina gemu imodzi yokha, kuluza 10, kufanana mphamvu imodzi. Nambala imeneyi isungeni kuti mumvetse zomwe zinabwera pambuyo.

Apa tsopano khalani pansi bwinobwino. Mu 1959 anatenga Vince Lombardi amene anali wothandizira kochi ku New York Giants kuti akhale kochi, ndipo ndi osewera ambiri omwe aja oluzaluza anawina magemu 7 kuluza 5. Mu 1960 anafika fainolo n'kugonja kwa Philadelphia Eagles 17-13, ndipo imeneyo ndi gemu yokhayo ya ndime yochotsana yomwe Lombardi analuza ali ku Green Bay. Kenako zikho zinangotsatana, 1961 pamene anakwapula Giants 37-0, 1962, 1965, 1966, 1967. Kuti mumvetse mpira wake fufuzani pa YouTube kaseweredwe kotchedwa Packers sweep, muone mmene Jerry Kramer ndi Fuzzy Thurston ankachokera pamzere kuthamangira m'mbali kukatsegula njira, Paul Hornung kapena Jim Taylor ali pambuyo ndi mpira. Matimu onse ankadziwa kuti ikubwera koma kuiletsa kunkakanika, chifukwa anali ataibwereza pa maphunziro mpaka kulowa m'magazi. Quarterback wawo Bart Starr anasankhidwa mu raundi ya 17 pa draft ya 1956, mwambo wa pachaka umene matimu amasankha osewera atsopano mosinthanasinthana, munthu yemwe palibe ankamuyembekezera.

Chenjerani ndi zaka apa, ambiri zimawasokoneza. Sizoni ya NFL imayamba cha mu Seputembala n'kuthera chaka chinacho, ndiye chikho cha 1966 anachitenga pa 15 Januwale 1967 ku Los Angeles pomenya Kansas City Chiefs 35-10, imeneyo ndiye Super Bowl yoyamba, fainolo yaikulu yotsekera sizoni. Yachiwiri anamenya Oakland Raiders 33-14 ku Miami mu Januwale 1968 koma imawerengedwa ya 1967. Ndipo musadabwe kumva zikho 13 pomwe ma Super Bowl ndi anayi okha, zisanu ndi zinayi zinazo anatenga Super Bowl isanayambe.

Ngati muli ndi nthawi yoonera gemu imodzi yokha yakale, ikhale Ice Bowl, gemu yolimbirana kupita ku Super Bowl yachiwiri ija. Pa 31 Disembala 1967, Lambeau Field, Dallas Cowboys, kuzizira kunafika madigiri 25 pansi pa ziro. Makina otenthetsera pansi pa bwalo anakanika ntchito, kapinga anauma gwa ngati simenti, wezulo inamatirira pa mlomo wa lefali mpaka anasiya kuimba n'kumangokuwa ndi pakamwa. Mukamaonera yang'anani nthunzi ikutuluka m'kamwa mwa anthu pa sitandi, anthu oposa 50,000 osachoka. Kutatsala masekondi 16 Packers ili kumbuyo 17-14, mpira uli pafupi penipeni ndi mzere wochinyira, Starr sanaupereke kwa wina aliyense, anangodzigwetsera yekha kutsogolo kutsata Kramer. 21-17. Lombardi anamwalira mu 1970 ndipo chikho cha Super Bowl mpaka lero chimatchedwa dzina lake.

Nyengo ya chilala anthu amakonda kuidumpha, inu musatero, ingoiyendani mwachidule. Kuyambira 1968 mpaka 1991 anafika ndime yochotsana kawiri kokha, 1972 ndi 1982. Starr yemwe uja anabwera kudzakhala kochi, kenako Forrest Gregg, onse ngwazi za Lombardi, sizinayende. Koma bwererani ku funso lathu lija, timu ya mwini mmodzi m'katauni kozizira ikuluza zaka zoposa 20 bwenzi itasamuka kalekale. Iyi sinasunthe ndipo matikiti ankathabe. Dziwaninso kuti kuyambira 1933 mpaka 1994 magemu ena apakhomo ankaseweredwa ku Milwaukee, ndiye mukaona zimenezo m'mabuku musaganize kuti timu inasamukako.

Nyengo yomaliza ndi yosavuta chifukwa makanema ali mbwee. Ron Wolf anatenga utsogoleri kumapeto kwa 1991, n'kubweretsa kochi Mike Holmgren, n'kupereka chisankho cha raundi yoyamba ya draft kwa Atlanta Falcons posinthana ndi quarterback Brett Favre, mnyamata yemwe kumeneko ankangokhala pa benchi. Mu 1993 Reggie White, amene matimu akuluakulu onse ankamufuna, anasankha Green Bay, ndipo zimenezo zinauza osewera ena kuti kutauni kuja nkokhalika. Chaka chomwecho LeRoy Butler atachinya anadumphira m'manja mwa masapota, chiyambi cha Lambeau Leap. Januwale 1997 anamenya New England Patriots 35-21 mu Super Bowl ku New Orleans, Desmond Howard akuthamanga mayadi 99 ndi mpira wa kickoff, womenya poyambitsa masewera, chaka chotsatira anafikanso koma Denver Broncos inawaposa 31-24.

Apa onetsetsani kachitidwe kamodzi komwe kabwerezedwa kawiri. Mu 2005 Favre akadali pamalo anasankha quarterback wina, Aaron Rodgers, n'kumukhazika pa benchi zaka zitatu akuphunzira, masapota akung'ung'udza. Favre anapita ku New York Jets mu 2008, Rodgers n'kutenga chikho mu Febuluwale 2011 pomenya Pittsburgh Steelers 31-25, ndiponso anakhala MVP wa ligi, wosewera woposa onse, kanayi. Mu 2020 anachitanso zomwezo, kusankha Jordan Love Rodgers alipo, zaka zitatu pa benchi, ndipo mu 2023 Rodgers nayenso anapita ku Jets komweko.

Mukamaliza zonsezi fufuzani makanema a nthawi yokonzekera sizoni mu Julayi ndi Ogasiti. Ana a m'tauni amaima pamzere kunja kwa Lambeau Field ndi tinjinga tawo, wosewera aliyense amasankha mwana mmodzi n'kukwera kanjinga kake kupita ku bwalo la maphunziro, chimunthu cha makilogalamu 140 maondo akugunda mahandulo, mwana akuthamanga pambali atanyamula chisoti chake. Mwambo umenewu unayamba m'masiku a Lombardi ndipo sunaleke. Ndipo ngati mukuganiza zolembetsa tikiti ya sizoni yonse, pa mndandanda wodikira pali mayina opitirira 100,000, makolo kumeneko amalembetsa mwana akangobadwa.