A kafukufuku akabwera kumudzi kwanu, chitani izi kuti mawu anu afike ku khonsolo

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje tinawazolowera ana a ku yunivesite otsika pa Thabwa ndi matabuleti kudzafunsa mafunso, makamaka madzi akasefukira ngati mu 2015 ndi nthawi ya Freddy mu 2023. Ife achinyamata timangoyankha n'kubalalika, pomwe mayankho athuwo ndi umboni woti tingaugwiritse ntchito.

Choyamba afunseni achokera kuti, akuonetseni kalata, akuuzeni kafukufukuyo ndi wa chani. Kuyankha sikokakamiza ayi, ndipo ngati mumamasuka m'Chisena nenani. Mwachitsanzo mafunso a Afrobarometer, okhudza mmene anthu akuonera boma ndi demokalase, kuno kwathu amayendetsa ndi a Centre for Social Research a ku UNIMA ku Zomba, ndipo zotsatira zake zili pa intaneti ulere.

Chachiwiri, apa ndiye pagona nkhani, musanayankhe pemphani kuti akamaliza akutumizireni zomwe apeza, ngakhale tsamba limodzi pa WhatsApp, ndipo mutenge nambala ya dipatimenti yawo osati ya wofunsa yekhayo chifukwa iye akamaliza sukulu mudzamupeza kuti? Poyankhapo musangoti tikuvutika, tchulani dzina la mlatho womwe unakokoloka, mjigo womwe unafa, miyezi yomwe ana a ku East Bank sanapite kusukulu.

Pepalalo likafika khalani pansi ngati youth club, musankhepo nkhani ziwiri basi, mupite nazo ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Ambiri timaiona ngati ya madala koma kumeneko ndi komwe amalemba Village Action Plan, pulani ya chitukuko cha m'mudzi yomwe imapita ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la a T/A, kenako ku khonsolo kukalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse la Chikwawa kapena Nsanje. Nkhani yomwe sinalembedwe ku VDC idzavuta kuipezera ndalama kutsogoloko, ndiye onetsetsani kuti a sekilitale aiika mu maminitsi. Kopi ina ya nkhanizo mupatseni khansala, ina ku ofesi ya achinyamata pa boma.

Pakatha miyezi itatu kuli zii, lembani kalata ku khonsolo yofunsa pomwe nkhaniyo yafika, lamulo la Access to Information lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020 limakulolani, ndipo a NICE, bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wawo, akhoza kukuthandizani kalembedwe kake. Ikadzafika nthawi yosankha komiti ya VDC yatsopano imikani mmodzi wa inu, bwinonso akhale mtsikana, mupite nonse tsikulo mukamuvotere.