Kusamalira Madzi a Mchere mu Thanki ya Makorali Pakhomo

Munthu amene anazolowera kuweta mbuna za m'nyanja ya Malawi mu thanki yagalasi amadziwa kuti nsombazi zimapirira ngakhale mwiniwake atachedwa kusintha madzi. Makorali, tizilombo ta m'nyanja yamchere tomwe timakhala m'magulu titamatirira pamiyala, sali choncho. Kumene amakhala, monga kuzilumba za Bazaruto ndi Quirimbas ku Mozambique, madzi ndi ambiri zedi moti mchere ndi zina zosungunukamo sizisintha kwenikweni, pamene mu thanki ya malita 200 zingasinthe pa tsiku limodzi lokha. Choncho ntchito yaikulu ya woweta si kuthamangitsa nambala yabwino koposa, koma kusankha mlingo woyenera ndi kuusunga osagwedezeka.

Yambani ndi madzi enieniwo. Madzi a pampopi kapena a pamjigo angakhale abwino kumwa, koma nthawi zambiri amakhala ndi klorini, fosifeti, naitireti kapena kopa wochokera m'mapaipi, ndipo kopa, ngakhale wochepa kwambiri, amapha makorali ndi nkhono. N'chifukwa chake oweta amasefa madzi ndi makina a RO/DI, omwe amachotsa pafupifupi zonse zosungunuka m'madzi, kenako n'kusungunulamo mchere wopangidwira mathanki otere. Mchere wothira m'ndiwo sungathandize chifukwa ulibe zambiri zimene zimapezeka m'nyanja. Sakanizirani m'chidebe chapadera, pampu ikutakasa, ndipo musathire mchere wouma mu thanki muli zamoyo. Madzi a m'nyanja amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa kilogalamu iliyonse, ndipo pa kachipangizo koyezera kotchedwa refractometer zimenezi zimaoneka ngati 35 ppt (magawo 35 pa magawo 1,000) kapena 1.026 (kulemera kwa madziwo poyerekeza ndi madzi opanda mchere). Kachipangizoka muzikayesa kaye ndi madzi odziwika kale kuti ali pa 35 ppt, chifukwa mchere ukayezedwa molakwika, miyezo ina yonse imasokonekera pamodzi. Kumbukiraninso kuti madzi akamatuluka ngati nthunzi mchere umatsala, motero obwezeretsa tsiku ndi tsiku akhale osefa opanda mchere. Kutentha kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 26.

Pamene pafunika chidwi chenicheni ndi pa zinthu zitatu zomwe zimayendera limodzi: alkalinity, kashiamu ndi maginiziyamu. Makorali olimba monga Acropora ndi Montipora amamanga mafupa awo ndi calcium carbonate, ndipo zomangirazo amazitenga m'madzi usana ndi usiku. Kashiamu ayenera kukhala pakati pa 400 ndi 450 ppm (mamiligalamu pa lita), maginiziyamu pakati pa 1250 ndi 1350 ppm, pomwe alkalinity, yomwe kwenikweni ndi muyezo wa bicarbonate ndi carbonate, ikhale pakati pa 7 ndi 11 pa sikelo yake yotchedwa dKH. M'nyanja imakhala pafupi ndi 7 dKH, ndipo kwa woyamba kumene ndimaona kuti 8 ndi malo abwino, chifukwa pamatsala mpata wolakwitsa mbali zonse ziwiri.

Mwa zitatuzi, alkalinity ndiyo yoyenera kuyeza pafupipafupi, ndipo chifukwa chake chili m'masamu. Makorali akamaliza 1 dKH amakhala atagwiritsanso ntchito kashiamu wokwana pafupifupi 7 ppm. Kuchoka pa 420 kufika pa 413 ppm n'kusintha kochepa koti zoyezera zambiri zapakhomo sizikuona n'komwe, koma kuchoka pa 8 kufika pa 7 dKH ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu lapita. Pofuna kudziwa mmene thanki yanu imadyera, yezani pa ola lomwelo kwa masiku atatu kapena anayi musanathiremo kanthu, lembani m'kope, ndipo kusiyana kwa tsiku ndi tsiku ndiwo mlingo umene muzibwezeretsa. Soda wophikira, malinga akhale sodium bicarbonate weniweni wosasakaniza ndi zina, amagwira ntchito yobwezeretsa alkalinity: magalamu 3 amakweza malita 100 ndi pafupifupi 1 dKH. Msungunuleni m'madzi osefa, muthire pang'onopang'ono pamene madzi akuthamanga, ndipo musakweze kupitirira 1 dKH pa tsiku, pakuti kudumpha kwadzidzidzi kumapsereza nsonga za Acropora kapena kusupula mnofu wake kuyambira kutsinde.

Kashiamu amabwezeretsedwa ndi calcium chloride, koma mankhwalawa ndi soda uja asakumane m'botolo limodzi kapena kuthiridwa nthawi imodzi pamalo amodzi, chifukwa amagwirana n'kusanduka fumbi loyera lomwe limamata mapampu ndi chotenthetsera madzi. Njira yothira mankhwalawa padera inatchuka ndi dzina la Hans-Werner Balling wa ku Germany, ndipo ili ndi kavuto kamodzi kamene ambiri amaiwala: zotsalira zake zimakweza mchere pang'onopang'ono, choncho refractometer isapite kutali. Njira ina yakale ndi kalkwasser, yomwe ndi calcium hydroxide wosungunuka m'madzi obwezeretsa. Imapereka kashiamu ndi alkalinity pamlingo wogwirizana, koma popeza pH yake imapitirira 12, iyenera kulowa modontha.

Mukaona kuti mukuthira mankhwala koma nambala sizikukwera, yezani maginiziyamu musanawonjezere china chilichonse. Iyeyu ndi amene amaletsa kashiamu ndi carbonate kugwirana msanga, ndipo akachepa, zimene mukuthira zimangothera pa galasi ndi mumchenga. Dongosolo lokonzera zinthu likhale lotere: mchere poyamba, kenako maginiziyamu, ndiyeno alkalinity ndi kashiamu.

Za pH, muyezo wa asidi m'madzi, anthu amada nazo nkhawa mopitirira. Ikakhala pakati pa 7.8 ndi 8.4 palibe vuto, ndipo imatsika usiku n'kukwera masana mwachibadwa. Ikamatsikitsitsa pomwe alkalinity ili bwino, kawirikawiri wolakwa ndi mpweya wa carbon dioxide umene wachuluka m'chipinda chotseka, ndipo mankhwala ake ndi kutsegula zenera kapena kulola protein skimmer, makina ochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu, kukoka mpweya wapanja, osati kuthira zokwezera pH zomwe zimangokankha alkalinity m'mwamba.

Amoniya ndi nitrite, thanki ikakhwima, kutanthauza kuti mabakiteriya owononga zonyansa akhazikikamo, ziyenera kukhala pa ziro. Naitireti ndi fosifeti ndi nkhani ina, chifukwa ndere zing'onozing'ono zotchedwa zooxanthellae, zomwe zimakhala m'thupi la makorali n'kumawadyetsa, zimafuna zakudyazi pang'ono. Naitireti wa pakati pa 2 ndi 10 ppm ndi fosifeti wa pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm amakwanira mathanki ambiri. Zikachuluka ndere zobiriwira zimakuta miyala, koma zikatheratu makorali amatuwa ndipo ndere zoterera zotchedwa dinoflagellates zimapeza mpata, zomwe kuzichotsa kwake n'kovuta kuposa kungochepetsa chakudya cha nsomba pamene zakudyazi zachuluka. Kusintha gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi sabata iliyonse kapena pakatha masabata awiri kumathandiza kwambiri, bola madzi atsopanowo muwayeze kaye kuti mchere, kutentha ndi alkalinity zifanane ndi za mu thanki, chifukwa mitundu ina ya mchere wogula imasungunuka pa 11 dKH kapena kuposerapo.