Momwe mungapitire ndi ana ku Kalimba Reptile Park ku Lusaka kukaona ng'ona ndi njoka

Makolo anzanga amene muli ku Lusaka, kapena mwabwera kudzacheza kwa abale kuchokera ku Chipata kaya ku Lilongwe, tsiku limodzi ana muwatengereko ku Kalimba Reptile Park, asamangozungulira m'mashopu a ku Manda Hill holide yonse. Malowa ndi famu ya ng'ona ndi nsomba yomwe ili kunja kwa tauni chakumpoto kum'mawa, ndipo mbali ina anaikonza kuti mabanja azibwera kudzaona ng'ona, njoka ndi akamba. Zambiri mwa izi si zochokera kunja ayi, ndi zomwezi zimene mwana wanu angakumane nazo kumunda kwa agogo ake kapena padooko, nchifukwa chake ine ndimati kumeneku mupiteko ndi cholinga choti ana akaphunzire osati kukangojambula zithunzi basi.

Yambani ndi kusankha nthawi, ndipo apa musathamange. Ng'ona ndi njoka thupi lawo silidzitenthetsa lokha, zimadalira dzuwa, ndiye mu June ndi July kukamazizira musalawirire kwambiri, fikani cha m'ma 10 kapena 11 dzuwa litakwera mudzazipeza zonse zatuluka m'madzi zikuothera pamtunda. Mu October zimatembenuka, pitani m'mawa chifukwa masana ng'ona zambiri zimabwerera m'madzi mumangoona timaso ndi mphuno, komanso ana amakhala atalema kale ndi kutentha ayamba kulira. Musananyamuke afunseni kaye pafoni kapena pa Facebook za mitengo ya pageti ya akulu ndi ya ana, ndi nthawi yotsegulira.

Kayendedwe nkosavuta ngati muli ndi galimoto, mumapatuka pa Great East Road ndipo Google Maps ikufikitsani. Ngati mukukwera takisi kapena Yango (takisi yoitanitsa pa app ya pafoni) gwirizanani ndi dalaivala kuti adzakutengeninso, tengani nambala yake, chifukwa uku ndi kumafamu simungangoima pamsewu nkuimitsa minibasi. Achimalawi kumbukirani kusintha ndalama, kwacha yathu kumeneko sagulira kanthu, ndipo khalani ndi kakashi m'thumba osadalira kadi kapena netiweki yokha. Mchikwama muike madzi akumwa ambiri, zipewa, sopo ndi nsapato zotseka za ana.

Musanalowe pageti akhazikeni ana pansi muwauze malamulo momveka: palibe kukwera mpanda, palibe kulowetsa dzanja kapena ndodo pawaya, palibe kugenda nyama kuti idzuke, palibe kugogoda galasi la njoka. Wamng'ono kwambiri mumugwire dzanja nthawi yonse, ndipo chonde abambo, musamunyamule mwana nkumukhazika pamwamba pa mpanda kuti aone bwino, izi anthu amachita ndipo zimandiopsa kwambiri.

Pa ng'ona imani nthawi ndithu. Mudzaona chachikulu chagona phee pakamwa yasaa, mano onse pamtetete, osaphethira, ana nkumati chafa kapena ndi chasimenti. Sichinafe, chikuziziritsa thupi potsegula kukamwako, ndipo chimatha kudzambatuka mwadzidzidzi kuposa momwe mukuganizira. Apa ndi pomwe mungawauze ana kuti ng'ona ya mu Shire kapena mu Luangwa imachitanso chimodzimodzi, imadikira chete pomwe anthu amakonda kutunga madzi ndi kuchapa, ndiye madzi akakhala bata sikuti mulibe kanthu. Auzeninso zina zosangalatsa, kuti yaikazi imakumba mumchenga nkuikira mazira ambirimbiri, nthawi zambiri 40 mpaka 60, imawalondera pafupifupi miyezi 3, ndipo tiana tikaswa imatinyamula mkamwa mwake momwemo kupita nato kumadzi osatiluma. Ngakhale zoti kamwana kabadwe kakamuna kapena kakakazi zimatengera kutentha kwa mchengawo. Ana zoterezi saziiwala.

Kenako pitani ku njoka, ndipo kwa ine apa ndiye pamtima pa ulendo wonse. Pezani wantchito amene amazisamalira mumupemphe akuyendetseni, musachite manyazi kufunsa. Awonetseni ana mphiri ayiyang'anitsitse, yonenepa, yaifupi, mutu wotambalala, mawanga ake ofanana ndi masamba ouma. Njoka imeneyi ndi imodzi mwa zomwe zimaluma anthu kwambiri mu Africa muno, osati chifukwa ndi yolusa kuposa zina koma siithawa, imangogona panjira munthu nkuiponda, makamaka madzulo opanda tochi. Black mamba nayo ayidziwe, khungu lake si lakuda, ndi lotuwa, chakuda ndi mkamwa mwake ikayasama, ndi yaitali komanso yothamanga, ukaiona umabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono nkuisiyira njira. Nsato ilibe poizoni, imapha pozenga, ndipo imadya makoswe ndi nyama zina zing'onozing'ono. Njoka zambiri zopezeka pakhomo zilibe vuto kwa munthu ndipo zimatithandiza kuchepetsa makoswe kunkhokwe, koma mwana asauzidwe kuti ayese kusiyanitsa yekha ndi manja, lamulo likhale limodzi, ukaona njoka taya mtunda nkuitana wamkulu.

Muli pomwepo kambiranani zoyenera kuchita munthu akalumidwa, chifukwa zomwe tinakula tikumva zambiri nzolakwika. Osamanga chingwe mothina, osatema ndi lezala, osayamwa bala. Vulani mphete kapena chibangili pamalo olumidwawo chifukwa patupa, munthuyo asathamange, mumunyamule mupite naye kuchipatala msanga osayamba mwadzera kwina. Ngati ndi njoka ija yolavulira m'maso, tsukani diso ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali kenako kuchipatala. Ana a sitandade 4 kupita m'mwamba izi amazimva bwinobwino, afunseni abwereze.

Akamba ndiye ana aang'ono amawakonda, ndi ofatsa. Ngati wantchito walola kuti agwire kamba kapena kanjoka kosaluma, agwire iye ali pomwepo, ndipo mwana amene akuopa musamukakamize kapena kumuseka, aone ali patali zakwana. Akangomaliza asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya, zokwawa zimakhala ndi majeremusi a salmonella pakhungu omwe amatsegula m'mimba.

Mukatopa khalani pamthunzi ana apite kosewerera. Kalimba imadziwikanso ndi baga ya nyama ya ng'ona, ndi nyama yoyera yofewa, amene akufuna alawe koma amene chikhulupiriro chake sichilola musamuumirize, funsani zakudya zina. Kulinso maiwe owedza nsomba za bream, funsani pageti momwe amalipiritsira ndi ngati mbedza muyenera kubwera nazo nokha, ndipo pamaiwepo ana muziwayang'anirabe chifukwa madzi ndi madzi. Ngati mukufuna kubwera ndi zakudya zanu kapena nyama yowotcha funsiranitu pafoni paja. Nyamukani dzuwa lisanalowe kuti msewu wa kumafamu muudutse kukuwala, makamaka nthawi ya mvula kuyambira December mpaka March.