Kudzala masamba m'zidebe ndi pakhoma nyengo yozizira ikamatha kumene

Kuzizira kukayamba kuchepa, mitengo nkuyamba kuphukira, masana kadzuwa nkumamveka bwino pakhungu, anthu ambiri amathamangira kukagula mbande za tomato nkuziika panja m'ndowa, kenaka sabata yomweyo masamba akuda bii, mbewu yafa. Chimene chimapha mbande nthawi imeneyi ndi usiku, masana amangotinamiza. Dothi la m'dimba ndi lambiri, limasunga kutentha kwa masana nkumakutulutsa pang'onopang'ono mpaka m'bandakucha, pomwe la m'chidebe ndi lochepa ndipo mphepo imalizungulira mbali zonse, nde limazizira msanga, limatentha msanga, limauma msanga, chakudya chakenso chimatha msanga. Zonse zomwe ndinene apa zikuchokera pamenepo.

Choyamba sankhani mbewu zopirira kuzizira. Letesi, sipinachi, radishi, nsawawa (peas, osati mtedza), mpiru, anyezi wa masamba, kaloti ndi pasile, izi ndi zomwe zimakondwa nyengo imeneyi. Letesi ndi nsawawa zimamera olo dothi lili pa madigiri 5, kungoti zimachedwerapo, ndipo letesi ndi wodabwitsa chifukwa kukatentha kufika cha m'ma 30 mbewu yake imangogona osamera, nde nthawi yake ndi inoyi, musadikire. Tomato, tsabola, mabiringanya, nkhaka ndi nyemba zisiyeni kaye. Izi zimafuna usiku uzikhala pamwamba pa madigiri 10 tsiku ndi tsiku, ndipo chisanu cha pa 0 chikangozigwera kamodzi basi zatha. Ngati mtima ukukana kudikira, fesani tomato m'timakapu m'nyumba pafupi ndi windo lowala, masabata 6 mpaka 8 chisanu chomaliza chisanadutse, azikula ali mkati.

Chidebe chilichonse chimagwira ntchito bola kuya kwake kugwirizane ndi mizu. Letesi, radishi ndi sipinachi masentimita 15 mpaka 20 akwana, olo beseni lakale lothyoka chogwirira lili bwino. Kaloti akufuna 30 ndithu, apo ayi sankhani mtundu waufupi wozungulira uja, chifukwa muzu ukagunda pansi umapindika kapena kuchita mphanda. Tomato mmodzi ndowa imodzi ya malita 20, osati awiri, ndikudziwa ndowayo imaoneka yaikulu mbande ikadali kakang'ono koma pakatha miyezi iwiri mizu imadzaza monse. Chigubu chomwe munali mafuta a galimoto, penti kapena mankhwala ophera tizilombo musachigwiritse ntchito, olo mutatsuka kangati.

Zibowo pansi ndi lamulo. Tenthetsani msomali waukulu nkuboola malo asanu kapena kuposa, kukula kwake ngati pensulo, kenaka chidebecho chikwezeni pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka momasuka. Pali kachizolowezi koika miyala pansi pa chidebe ati kuti madzi azidutsa bwino, ine ndimati musavutike nazo. Madzi sachoka mophweka m'dothi losalala kupita m'miyala yokhala ndi mipata ikuluikulu, amaima kaye pamwamba pa miyalayo mpaka dothi litakhuta, ndiye mwangokweza chithaphwi kuchifikitsa pafupi ndi mizu, komanso mwadya malo a dothi. Ngati mukuopa kuti dothi lizitayika pa chibowo, kansanza kapena kachidutswa ka neti kakwana.

Dothi lokumba pansi lokhalokha m'chidebe limagwirana nkuuma ngati njerwa, mizu imasowa mpweya. Sakanizani magawo atatu ofanana: kompositi kapena manyowa owolerana bwino, china chosunga chinyezi monga zikhokho za kokonati zopera zija, ndi china chomasula monga perlite (timiyala toyera topepuka), mchenga wokhakhala kapena mankhusu a mpunga. Kuyesa kwake nkosavuta, nyowetsani pang'ono, finyani m'dzanja, lizigwirana koma mukaligunda ndi chala limwazike. Likatuluka madzi kapena kukhala mpira wolimba onjezerani chomasula. Manyowa aawisi onunkha aja amawotcha mizu, adikireni ade nkusiya fungo.

Tsopano za kudzala mokwera, zomwe ndi zabwino kwa amene malo ake ndi khonde chabe kapena kampata kapakati pa nyumba ndi mpanda. Njira zilipo zambiri, matumba a nsalu opachika pakhoma, mabotolo odula m'mbali nkuwamangirira pa waya, payipi yaikulu yoimika yoboola m'mbali, saka yodzaza dothi, mashelefu okhala ngati masitepe, kapena paleti yoimika (matabwa okhomedwa aja osanjikapo katundu). Pa paleti yang'anani chidindo chake, ikalembedwa HT ndiye kuti thabwalo analiphika ndi moto basi, ili bwino, koma ya MB anaithira mankhwala ophera tizilombo otchedwa methyl bromide, imeneyo isiyeni.

Chomwe anthu sauzana nchakuti munda woimirira suthiririka mofanana. Madzi amatsika, nde pamwamba pamauma gwa pomwe pansi pali chinyontho chokhalitsa, ndipo pamwamba pomwepo mpomwe dzuwa ndi mphepo zimamenya kwambiri. Ukathirira poyang'ana za pamwamba za pansi zimawola, ukathirira poyang'ana za pansi za pamwamba zimafota. Mankhwala ake ndi kudzala motsatira madziwo: pamwamba ikani zopirira ludzu ngati zokometsera ndiwo za thyme ndi rosemary, pakati pasile ndi radishi, pansi letesi ndi sipinachi zomwe zimakonda chinyezi ndipo sizidandaula ndi kamthunzi. Ngati mukupanga ya payipi kapena ya saka, musanathire dothi imikani kapayipi kakang'ono pakati, kobowola tizibowo kuyambira pamwamba mpaka pansi, tambiri kumtunda tochepa kumunsi, kumapeto kwake kotseka, ndipo muzithira madzi mmenemo kuti azifika mulingo uliwonse. Mu saka ena amaika mzere wa timiyala pakati mmalo mwa payipi, zimagwiranso. Zibowo zodzalamo zitalikirane masentimita 15 mpaka 20, zisakhale molunjikana, kuti chomera cha pamwamba chisaphimbe cha pansi pake.

Kulemera musakupeputse. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ndiye matumba khumi a dothi lonyowa atapachikika pa misomali iwiri tsiku lina mudzangomva phii usiku. Mangani pa chinthu cholimba, ndipo payipi yoimika muizike m'ndowa yolemera kapena muimangirire kukhoma kuti mphepo isaigwetse. Pakati pa matumba ndi khoma la nyumba pakhale pulasitiki kapena kampata, apo ayi chinyezi chidzalowa m'khoma.

Nsawawa ndi zomwe ndimazikonda pa nkhani yokwerayi chifukwa sizifuna zonsezi, chidebe chachitali pansi, zingwe kapena neti kukhoma, zimagwira zokha ndi timanja tawo nkumakwera.

Dzuwa nalo liwerengeni musanaike chilichonse. Masamba amakhutira ndi maola 4, zobereka zipatso zimafuna 6 mpaka 8. Khoma lolandira dzuwa lambiri ndi loyang'ana ku equator, kutanthauza kumpoto ngati muli kum'mwera kwa dziko lapansi, kum'mwera ngati muli kumpoto. Khoma lotero ndi bwenzi nyengo ino chifukwa limamwa kutentha masana nkumafunditsa mbewu usiku. Mukamva kuti usiku kugwa chisanu, makamaka kumwamba kukayera mbee popanda mitambo ndi mphepo, sunthani zidebe zifike pakhomapo, zikhale mothithikana, muzifunditse nsalu yakale dzuwa lisanalowe. Pulasitiki isakhudze masamba, kuzizira kumadutsa pomwe yagundapo. Mmawa vundukulani. Apa mpomwe chidebe chimaposa dimba, dimba sungalinyamule kulowa nalo pakhonde.

Mbande zokulira m'nyumba kapena zogula kumene musazitulutse kamodzinkamodzi. Tsiku loyamba ola limodzi kapena awiri pamthunzi popanda mphepo, mawa lake onjezerani, choncho mpaka masiku 7 kapena 10 zizolowere dzuwa, kenaka zigone panja. Zikatuluka mwadzidzidzi masamba amayera ngati apsa. Radishi, kaloti ndi nsawawa zifeseni pomwe zikulirepo, sizikonda kuwokeredwa. Ndipo patulirani, eee nzowawa kuzula timbewu tamoyo koma radishi othithikana amangopanga masamba osatupa pansi, asiyireni masentimita 5 aliyense.

Kuthirira nyengo ino cholakwika chachikulu ndi kuchulutsa. Kukadali kozizira, timbewu ndi tating'ono, sitimwa zambiri, ndipo dothi lozizira lonyowa nthawi zonse limabweretsa kamatenda kaja koti mbande imawola patsinde penipeni nkugwa chagada. Lowetsani chala mpaka pa mfundo yachiwiri, mukamva chinyezi dikirani, mukamva pouma thirani mpaka madzi atuluke pansi. Thirirani mmawa, pa dothi osati pa masamba. Pa munda woimirira yesani thumba la pamwamba ndi la pansi padera. Kukayamba kutentha zinthu zimatembenuka, mwina muzidzathirira tsiku lililonse, timatumba tating'ono olo kawiri.

Madzi otuluka pansiwo amapita ndi chakudya, nde pakatha masabata 4 mpaka 6 kompositi ija yayamba kutha mphamvu, mudzaona masamba akale a m'munsi akuchita chikasu. Yambani kuthira feteleza wa madzi wosungunula kwambiri masabata awiri alionse, pa dothi lonyowa kale osati louma. Muziyang'ananso kuseri kwa masamba anthete, nsabwe zimayambira kumeneko, zikadali zochepa zifinyeni ndi zala kapena zitsukeni ndi madzi. Nkhono zimabisala kunsi kwa zidebe masana, tukulani muone.

Radishi amakhwima pakatha pafupifupi mwezi. Letesi musamuzule, thyolani masamba a kunja kapena dulani nkusiya masentimita 3 pamwamba pa dothi, aphukanso kawiri kapena katatu. Musafese paketi yonse tsiku limodzi, fesani pang'ono masabata awiri alionse kuti zisadzakhwimire pamodzi. Letesi ndi sipinachi zikayamba kutalika pakati kufuna kuchita maluwa, masamba nkuyamba kuwawa, ndiye kuti kwatentha, zizuleni, chotsani dothi la pamwamba, onjezerani kompositi yatsopano, ndowa zikuluzikulu zija muikemo tomato ndi tsabola amene munawafesa m'nyumba.