Akafuna kumanga nyumba zosanjikizana pafupi ndi doko lathu, tiyambire pati?

Mukadzaona anthu akukhoma mabikoni pafupi ndi doko la Kachulu, kapena gombe lina lililonse la nyanja ya Chilwa, n'kumva kuti pabwera nyumba zosanjikizana zogonamo anthu, musathamangire kukazula. Mukazula, nkhani imasanduka ya apolisi, ndipo womangayo amangoti anthu akukana chitukuko. Ine ndimapikula matemba ndi milamba pamenepo n'kukagulitsa mumsika wa Zomba, ndiye ndikuyankhula ngati munthu amene amadyera padokopo.

Yambani mwadziwa kuti malowo ndi a mtundu wanji. Pitani kwa a gulupu mwaulemu, muwombe m'manja, mufunse kuti anapereka malowo ndani, liti, ndipo pamaso pa yani. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo m'midzi, choncho mawu akuti "amfumu anavomera" pa okha sakwanira. Kenako anthu awiri kapena atatu akwere galimoto kupita ku khonsolo ya boma la Zomba kukafunsa ngati pali chilolezo chomangira komanso pulani yovomerezeka. Funsani pakalata, musunge ina yodindidwa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye musachite manyazi.

Funsaninso za lipoti la zachilengedwe lija amati ESIA. Pansi pa lamulo la 2017, ntchito zikuluzikulu zimaunikidwa ndi bungwe la boma loona za chilengedwe la MEPA, ndipo anthu okhudzidwa amayenera kufunsidwa maganizo. Chilwa si chithaphwi wamba: kuyambira 1996 ili pa mndandanda wa Ramsar wa madambo otetezedwa padziko lonse.

Koma pamene anthu ambiri amaphonya ndi pa zimene akayankhule. Kungofuula kuti "sitikufuna" sikupita patali. Fotokozani kuti doko ndi malo a ntchito. Mabwato amafika kusanache, asodzi ochokera ku zimbowera (timisasa toyandama panyanja) akukuwa mitengo, injini za maboti opita ku chilumba cha Chisi zikulira. Amayi amayanika matemba pa thandala, ng'anjo zowambira milamba zikufuka utsi tsiku lonse, ntchentche nazo zili pompo. Munthu wolipira lendi yokwera pa nyumba yam'mwamba sadzapirira zimenezi. Adzayamba kudandaula za fungo, kenako za phokoso, ndipo amene adzauzidwe kuti asunthe ndi ife, osati iye. Mlendo ameneyu ali ngati kachere womera pa mtengo wina: amayamba pang'ono, mapeto ake mwini malo ndiye amauma.

Ndiye a BVC, komiti ya asodzi ya padoko, atenge kope n'kulemba: mabwato angati amakocheza, thandala ndi ng'anjo zili pati, njira imene njinga za kabaza ndi magalimoto a nsomba amadutsa ndi iti. Jambulani ndi foni m'mawa ntchito ili mkati, osati masana padoko patazizira. Agogo okumbukira akuonetseni pamene madzi amafika chaka cha mvula yambiri. Nyanjayi inaphwa mu 1995 komanso mu 2018, ndipo ikaphwa mtunda umaoneka ngati malo abwino omangapo, pomwe ndi pogona madzi. Mumufunsenso womangayo kuti zonyansa za m'zimbudzi za nyumbazo zidzapita kuti, chifukwa Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Cholowamo chimakhala momwemo, ndi nsomba zathu.

Zonsezi zilowe m'kalata imodzi yaifupi, yodutsa ku makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC), yopita kwa bwanamkubwa, khansala atalandiranso yake. Osadziwa kulemba adinde chala. Amayi oyanika nsomba asasiyidwe, paja iwo ndi amene malo awo amayamba kulandidwa.

Akaitanitsa msonkhano wofunsa maganizo a anthu, chenjerani ndi pepala lolembetsa mayina limene limayenda limodzi ndi Fanta ndi alawansi. Werengani pamwamba pake musanasaine, mwina lalembedwa kuti onse avomereza. Sankhani mlembi wanu wolemba zokambirana. Ngati womangayo walonjeza kusiya njira ya kudoko ndi bwalo loyanikira, musalandire lonjezo lapakamwa: ajambule pa pulani, atchule mamita ake, ndipo khonsolo idindepo.